Mlandu suwola, koma amausunga ndani?

Mlandu suwola. Akuluakulu ankatero pabwalo munthu akafuna kuzemba nkhani poti idachitika kalekale. Mbuzi imene agogo adaba chaka cha dzombe, mdzukulu akhoza kuilipa lero, ndipo palibe angadabwe. Ukaumva mwambiwu umakhala ngati ukunena kuti mlandu uli ndi moyo wakewake, umangogona kudikira tsiku lake. Koma mlandu sudzisunga wokha. Kumudzi unkakhalitsa chifukwa padali anthu ousunga m'mutu: nyakwawa, ankhoswe, ndi gogo wina wosaiwala amene ankakumbukira ngakhale mawanga a mbuziyo. Masiku ano tidausiyira mapepala, ndipo aliyense amene adayenderapo kukhoti akudziwa kuti mapepala amawola. Fayilo imasowa. Mboni imapita ku Joni. Wapolisi wofufuza amusamutsira ku Chitipa. Mlandu auimitsa, auimitsanso, mpaka wodandaula atopa ndi kulipira minibasi.

Pali malo amodzi pamene mlandu umakhala nthawi yaitali kuposa mufayilo, ndiwo m'nyimbo.

Amayi athu adazindikira izi kale. Mayi wamenyedwa usiku, kwacha diso litatupa, wamanga duku motsitsa kuti abise. Kwa mfumu sapita, kwa ankhoswe sapita, poti adzati wathamangira kuyanika za m'nyumba. Atenga chimanga chake, aima pamtondo, ndipo musi ukangoyamba kugunda ayambitsa nyimbo. Dzina satchula. Amangoimba za bambo wina wa mudzi wina amene mphamvu zake zimaoneka usiku wokhawokha, kumunda ayi. Wa musi wachiwiri avomera, amene akupeta chapatali avomeranso, ndipo pofika masana mudzi wonse wamva, apongozi omwe. Bamboyo sangasume, chifukwa kusuma n'kuvomera kuti nyimboyo ikunena iye. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lidabwera mu 2006, koma mtondo udali utazenga kale milandu yotere yosawerengeka.

M'nthawi ya chipani chimodzi ufulu wa pamtondo uja sudafike pa wailesi. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, ndipo makutu a boma adali aatali mpaka nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa poti dzinalo lidafanana ndi la Mama Kadzamira. Lero timaseka. Koma ngati dzina lokha linkaletsetsa nyimbo, ndani akadaimba za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adafera ku Mwanza mu Meyi 1983? Boma lidati Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adafa pangozi ya galimoto. Anthu ankadziwa zawo, nangokhala duu. Zinthu zitasintha mu 1994, gulu lofufuza lidapeza kuti anayiwa adachita kuphedwa ndi apolisi ku Thambani. Nkhani idalowa m'khoti, ndipo mu Disembala 1995 Kamuzu Banda ndi John Tembo adapezeka osalakwa. Khoti lidagamula monga mwa umboni umene lidapatsidwa. Koma amene abale awo adavutikira ku Mikuyu ndi ku Dzaleka sankadikira khoti lokha. Chimbale choyamba cha Lucius Banda, Son of a Poor Man, chidali chitatuluka kale, ndipo nyimbo ya Mabala inkalira m'mabasi ndi m'magolosale. Nyimboyo sidamangitse munthu. Idangoonetsetsa kuti mwana amene nthawi imeneyo adali kumsana adzakule akudziwa kuti m'dziko muno mudachitika zinthu.

Woimba Evison Matafale adamangidwa mu Novembala 2001, mlandu wake kalata yodzudzula pulezidenti Bakili Muluzi, ndipo adamwalira mwezi womwewo ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Boma lidakhazikitsa gulu lofufuza, lipoti lidalembedwa. Ndi angati mwa ife amene tidaliwerenga? Koma chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Chileka kukamukumbukira, a Black Missionaries ali pa nsanja, ndipo achinyamata amene adabadwa iye atapita kale amadziwa mmene adafera. Ku Zambia, Pilato adaimba za khoswe wolowa mumphika, ndipo kumayambiriro kwa 2018 adathawira ku South Africa atalandira ziwopsezo. Nkhani yake imandikumbutsa mwambi wathu woti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pamene lamulo likuwopa kuswa mkhate, woimba amangoloza chala kuti aliyense aone pamene khosweyo wakhala.

Mpaka pano nkhaniyi njokoma kuilemba, chifukwa woimba ali kumbali ya wolakwiridwa. Koma nyimbo zambiri zotchuka za umbava ndi umbanda sizili choncho. Mwa izo amene akulankhula ndi mwini chikwanje.

Mu 1973 Bob Marley adatulutsa nyimbo imene woimbamo akuvomera kuti adawombera mkulu wa apolisi, koma akukana kuti sadaphe wachiwiri wake. Idamangidwa mwaluso la munthu wodziwa kuyankha mlandu: avomera pang'ono kuti timukhulupirire pa zotsalazo. Akuti wapolisiyo adayamba kale kumuzonda, akuti iye adangodziteteza. Timamukhulupirira, ndipo chifukwa tili nacho, poti aliyense wokulira ku Trench Town kapena ku Ndirande adaonapo wapolisi wozunza munthu chifukwa chongodana ndi nkhope yake. Komabe tamvetserani bwino. Wapolisi uja salankhula. Adafa nyimbo isanayambe, ndipo zonse zimene tikudziwa za iye tikuzimva kwa amene adamuwombera.

Johnny Cash adapitirira pamenepo. Mu 1955 adaimba ngati mkaidi wa ku Folsom amene adapha munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo wophedwayo alibe dzina, alibe mayi, alibe mwana womulira. Cash mwiniwake sadagwirepo ukaidi. Kangapo adangogona m'chitokosi usiku umodzi n'kutuluka. Pa 13 Januwale 1968 adakaimba nyimboyo m'ndende ya Folsom momwemo, pamaso pa akaidi enieni. Pa chimbale cha tsikulo, akangotchula za kuphako kumamveka chimkokomo cha akaidi akukuwa mokondwa. Olemba mbiri ya chimbalechi adaulula kuti chimkokomocho adachita kuwonjezera mu situdiyo. Akaidiwo pa malo amenewo adali chete, alonda ali chiimire pambali. Anthu amene adaphadi sadakuwe. Kukuwako adakonzera ife, ogula chimbale, amene timafuna kumva kukoma kwa kupha tili pampando kunyumba.

N'chifukwa chiyani timazikonda? Sindikhulupirira kuti n'chifukwa choti mitima yathu njoipa. Munthu wamba amakhala moyo wouzidwa zochita: ndi bwana kuntchito, ndi landilodi, ndi wapolisi wa pamsewu amene waona tayala lakutha. Kwa mphindi zinayi nyimbo imamubwereka mtima wa munthu amene sauzidwa kanthu, kenako imatha, iye n'kutsika minibasi kupita kukagwira ntchito. Kubwerekako pakokha si tchimo. Nthano zathu za Kalulu nazo ndi nkhani za tambwali wakuba ndi wonama, ndipo agogo ankatisimbira popanda kupepesa.

Vuto limayamba pamene wosalankhula uja ali yemweyemweyo nthawi zonse. Mu 1968 Tom Jones adatchuka ndi Delilah, nyimbo ya mwamuna amene wapeza chibwenzi chake ndi wina n'kuchibaya ndi mpeni. Dzina la mkaziyo ndilo mutu wa nyimbo, koma mwini dzina sapatsidwa mpata wonena ngakhale liwu limodzi. Kwa zaka zambiri anthu zikwizikwi ankaiimba mokondwa pa masewero a rugby ku Cardiff, bambo atanyamula mwana paphewa, mpaka mu Febuluwale 2023 bungwe la masewerowa ku Wales lidauza makwaya kuti asiye kuiimba pabwalopo. Ochemerera ambiri adapitiriza okha. Nyimbo za mwamuna wopha mkazi chifukwa cha nsanje zili mbwee m'zinenero zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimatipempha kuti timvere chisoni wakuphayo, poti mtima wake udasweka. Akuluakulu adati nyimbo imodzi sachezera gule. Mfumu imene ingagamule mlandu itamva mbali imodzi tingaichotse pampando, koma woimba akatero timamuombera m'manja ndi kumufupa.

Kwathu kuno tidaziona mu Januwale 2018, pamene Mwiza Chavura adatulutsa nyimbo yowopseza mkazi kuti adzamugwiririra chifukwa chomukana. Amayi adakwiya, mabungwe adalankhula, bungwe lounika zisangalalo lidailetsa, apolisi adamumanga, iye adapepesa. Nyimboyo idali yonyansa, ndipo sindikufuna kuipaka mafuta. Idatenga chinthu chimene atsikana amakumana nacho panjira ya kusukulu n'kuchisandutsa chovinira. Komabe pamene ndidamva kuti wanjatidwa, mtima wanga sudakhazikike. Bungwe limene lidailetsa lidabadwa ndi lamulo lomwe lija la 1968. Ndodo imene waphera njoka lero imakhalabe pakhomo, ndipo mawa aitola ndi wina amene akufuna kumenyera mwana. Chilango chimene chidamupweteka woimbayo, m'kuona kwanga, sichidali chitokosi. Chidali amayi amene adakana kuseka nawo, ndiponso manyazi.

Lamulo likamamvetsera nyimbo, nthawi zambiri limamva molakwika, ndipo limalakwitsa mosankha nkhope. Mu 1974 Eric Clapton adaimbanso nyimbo ya Marley ija, idafika pa nambala wani ku America, ndipo palibe wapolisi adagogoda pakhomo pake. Cash adakalamba akulemekezedwa. Koma anyamata akuda a N.W.A ataimba mokalipira apolisi a ku Los Angeles, kampani yawo idalandira kalata kuchokera ku FBI mu 1989, ndipo mu 1992 Ice-T adakakamizika kuchotsa pa chimbale nyimbo yake yonena zopha wapolisi. (Mwa zodabwitsa za dziko lapansi, Ice-T yemweyo wakhala akusewera ngati wapolisi wofufuza pa kanema kuyambira mu 2000.) Ku Atlanta, boma litatsegulira mlandu Young Thug mu 2022, woweruza adalola kuti mawu a m'nyimbo zake awerengedwe m'khoti ngati umboni. Chaka chomwecho cha 2022 chigawo cha California chidakhazikitsa lamulo lochepetsa mchitidwe wotere. Mzungu akaimba kuti wapha, amati ndi luso losimba nthano. Wakuda akaimba zomwezo, amati waulula.

Apa wina anganditsutse kuti nyimbo zimaphetsadi anthu, ndipo sakunama. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkaliza nyimbo za Simon Bikindi pamene anthu ankanola zikwanje. Khoti la ku Arusha lidamva mlandu wake, ndipo mmene lidagamulira mu Disembala 2008 ndi phunziro kwa woweruza aliyense. Lidavomereza kuti nyimbo zake zina zidakolezera chidani. Koma zaka 15 zimene lidamupatsa zidali za mawu amene adalankhula yekha pa chimkuzamawu cha pagalimoto mu Juni 1994, m'dera la Gisenyi, akuuza anthu kuti aphe Atutsi. Oweruzawo adasiyanitsa munthu woimba ndi munthu wotuma. Kusiyanitsa kumeneku nkovuta, kumafuna kuleza mtima, ndipo wapolisi amene walandira foni yochokera kumwamba sakhala nako.

Ndiye nanga amene adaphadi, amene akudziwa kulemera kwa chitseko cha ndende, akapatsidwa mpata amaimba chiyani? Yankho lili ku Zomba. Mu 2013 Ian Brennan ndi Marilena Delli adalowa m'ndende yaikulu ya Zomba ndi zida zojambulira mawu. Ndendeyo idamangidwa nthawi ya atsamunda kuti izisunga anthu mazana ochepa, koma idali ndi oposa 2,000. Amuna adali ndi bandi yawo. Amayi adalibe magitala, ndipo poyamba sadadziwerengere ngati oimba, koma nyimbo zambiri za pa chimbalecho zidachokera kwa iwo. Alonda ena adaimba nawo. Chimbale cha I Have No Everything Here chidatuluka mu 2015 n'kulowa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Grammy, koyamba m'mbiri ya Malawi. Mphotoyo idapita kwa Angélique Kidjo mu 2016, eni mawu ali m'maselo awo ku Zomba.

Mukachimvetsera mudzadabwa ndi kusowa kwa matama. Nyimbo zina n'zazifupi, mphindi imodzi yosakwana, mawu okhaokha, ngati munthu akuwopa kuti nyapala amudula pakamwa. Zambiri zikunena za ana osiyidwa, za Edzi, za kusungulumwa, za kupempha chikhululukiro. Mnyamata wa mu situdiyo amene sadagonepo m'chitokosi amaimba za mfuti mokweza mapewa. Munthu amene wadya mgaiwa ndi nandolo kamodzi patsiku kwa zaka khumi, nagona chokhala poti pansi palibe malo otambasulira miyendo, saimba za mfuti. Amaimba za amake.

Lucius Banda naye adalawa za ku Zomba mu 2006, ali phungu wa ku Balaka, pa mlandu wa satifiketi ya MSCE, patangopita nthawi yochepa atabweretsa m'nyumba ya malamulo nkhani ya ndondomeko yochotsera pulezidenti pampando. Adatuluka patatha miyezi yochepa atachita apilo, ndipo chimbale china adachitcha Cell 51 Maximum. Iye adali ndi maloya, ndi dzina, ndi mawailesi omudikira kunja. Anzake amene adawasiya m'selo adalibe zimenezo. Ena adali pa rimandi, osaweruzidwa, fayilo itasowa. Ena adali oyembekezera kunyongedwa, ngakhale dziko lino lidanyonga komaliza mu 1992. Chimene chidawatsegulira khomo amenewa sichidali nyimbo. Chidali chigamulo cha High Court cha 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, chimene chidati kulamula kuti aliyense wopha munthu aphedwe, osamva n'komwe mmene zidakhalira, n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Momwemonso lamulo la vakabu, limene lidagonetsa amphawi osawerengeka m'chitokosi chifukwa chongopezeka panjira usiku: ndime yake yozunzayo idagwa mu Januwale 2017 chifukwa venda wina, amene adamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, adakana kungolipira n'kuiwala, nakasuma. Tisamanamizane kuti gitala ikhoza kugwira ntchito ya loya. Nyimbo imasunga mlandu, siitsegula unyolo.

Ndipo umbanda nawo sumvera nyimbo. Peter Tosh, amene adaimba za chilungamo moyo wake wonse, adawomberedwa m'nyumba mwake ku Kingston pa 11 Seputembala 1987 ndi achifwamba ofuna ndalama, mmodzi mwa iwo munthu amene Tosh adamuthandizapo atatuluka kundende. Lucky Dube, amene Amalawi timamutenga ngati wathu, adaimba Prisoner mu 1989, ndipo patapita zaka khumi adaimba modandaula za umbanda ndi ziphuphu za m'dziko lake. Pa 18 Okutobala 2007 ku Rosettenville mu Johannesburg, akutsitsa ana ake kwa mbale, anthu ofuna kulanda galimoto adamuwombera. Adali ndi zaka 43. Atatu adagamulidwa mu 2009 kukakhala kundende moyo wawo wonse.

Ife omvera tisadziyeretse. Aliyense wokhala m'tauni adaonapo izi. Masana dzuwa likuswa mtengo, pa depoti wina afuula kuti wakuba. Mnyamata athamanga, foni ili m'manja, silipasi imodzi yatsala m'mbuyo. Amugwirira pa ngalande. Woyamba amenya ndi chibakera, wachiwiri ndi njerwa, wachitatu sadziwa n'komwe chabedwa n'chiyani koma waponya theche lake. Wina akugubuduza tayala, wina akufunsa amene ali ndi petulo. Mayi wogulitsa nthochi akukuwa kuti musiyeni, mwana wa eni ake, koma mawu ake akumira. Pambali paima minibasi, kondakitala ali pakhomo akuonerera, ndipo sipika ikuliza Lucky Dube yemweyo, akudandaula za dziko limene limamanga ndende m'malo mwa sukulu. Ena mwa oponya njerwawo nyimboyo amaidziwa pamtima. Mkaidi wa m'nyimbo timamukonda chifukwa sadatibere foni yathu. Mukawafunsa chifukwa chake sadapite naye kupolisi, adzakuuzani kuti mawa lomwe akadamuona akuyenda mumsika. Nawonso ali ndi mlandu wawo umene palibe akuwasungira.

N'chifukwa chake ndimatopa ndi mtsutso woti nyimbo zachiwawa ziletsedwe kapena zisaletsedwe. Chondivuta ine si kuchuluka kwa chiwawa m'nyimbo. Ndi kuchepa kwa mboni. Wamfuti tamumva. Mkaidi wolapa tamumva. Wandale wozunzidwa tamumva, ndipo adayenera kumveka. Koma mlonda wa pa golosale amene amalandira ndalama yosakwana thumba la chimanga n'kukumana ndi zikwanje zisanu usiku ali ndi nkhani. Mkazi wa wapolisi amene amagona khutu lili kuchitseko ali nayo. Amayi a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo, amene adachitidwa zachipongwe ndi apolisi mu Okutobala 2019 mpaka khoti lidalamula mu 2020 kuti 18 mwa iwo apepesedwe ndi ndalama, ali nayo yaikulu. Mayi wa mnyamata wa pa ngalande uja, amene adzauzidwa madzulo kuti akazindikire mtembo, ali nayo, ndipo mwini foni ali nayonso. Luso la woimba weniweni ndi kuwaika awiriwa m'nyimbo imodzi popanda kunamizira aliyense.

Inu oimba a ku Ndirande, Kawale, Chibavi ndi kwina konse, musamangokopera mfuti za ku Atlanta zimene simudazigwirepo. Ku khoti la majisitireti salipiritsa pakhomo. Pitaniko Lolemba, tsiku limene amabweretsa onse ogwidwa kumapeto kwa sabata, poti malamulo amati munthu aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Mukawaona akutsika galimoto awiriawiri pa unyolo umodzi, wina wa mlandu wa nkhuku atamangidwa pamodzi ndi wa mlandu wothyola nyumba. Mukaona mlongo wake wa wina atanyamula nsima m'kontena, akupempha wapolisi kuti amupatsire. Mukamva womasulira akutembenuza Chingerezi cha loya kwa gogo amene wabedwa mbuzi zake zonse, gogoyo n'kuyankha zina. Mukamvetsere wodandaula mpaka amalize, mukamvetserenso wozengedwa mpaka amalize. Tengani kope ndi cholembera, foni muzimitse, ndipo mukafike 9 koloko isanakwane, chifukwa mabenchi amadzaza msanga.